Nkhawa za mayi woyembekezera zimafika kwa mwana

Achinyamata anzanga, phunziro la mwezi uno likuchokera kwa makoswe. Musaseke.

M'chaka cha 2008, akatswiri a ku America adafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo. Ankatenga makoswe a bere n'kuwatsekera m'kachubu kothina katatu pa tsiku, m'sabata yomaliza ya bere, kuti azikhala mwamantha. Ana aamuna a makoswewo atakula adapatsidwa kokeni, mankhwala ozunguza bongo. Ubongo wawo udatulutsa dopamine wochuluka kuposa wa anzawo obadwa kwa amayi osavutitsidwa. Dopamine ndi amene amachititsa kuti chinthu chikakukomera uzichifunanso. Atawalanda kokeniyo, iwowa ndiwo adalimbikira kwambiri kumusaka.

Zimatheka bwanji? Mayi akakhala ndi nkhawa masiku ambiri, thupi lake limatulutsa michere ya mantha yochuluka. Ina imadutsa n'kufika kwa mwana pamene ubongo wake ukuumbika.

Khoswe si munthu, ndipo kafukufukuyu sakunena kuti mwana wotere adzakhala chidakwa ayi. Akatswiri ena ku France adapezanso kuti chisamaliro chabwino akabadwa chimachepetsa vutoli mwa makoswe. Koma chenjezo lilipo.

Kuno ku Phalombe kokeni sitimuona kawirikawiri. Chathu ndi chamba ndi kachasu, ndipo nazonso zimagwira ubongo kudzera mwa dopamine yemweyo. Tikudziwa tonse kuti munthu akaledzera kondomu amaiwala, ndipo kachilombo ka HIV kamapezerapo mpata.

Nanga nkhawa za amayi athu zimachokera kuti? Zina sitingaziletse. Namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba mu Malichi 2023, amayi oyembekezera adagona m'misasa. Koma zambiri timayambitsa ndife. Mnyamata kukana mimba. Makolo kuthamangitsa mtsikana pakhomo. Bambo kumenya mkazi chifukwa wapezeka ndi kachilombo kusikelo, chonsecho iye mwini akukana kukayezetsa. Mayi wotere amabisa ma ARV kapena kusiya kumwa, pamene kuyambira 2011 boma limapereka mankhwalawa kwa mayi aliyense woyembekezera amene ali ndi kachilombo, kuti akhale wathanzi ndiponso mwana atetezeke.

Kambiranani m'kalabu mwanu:

1. Kodi mtsikana akatenga mimba m'mudzi mwanu, anzake amamutani?
2. Chimawaletsa n'chiyani anyamata kuperekeza okondedwa awo kusikelo ku Migowi kapena ku Holy Family?