Phunziro: Tochi Yamphamvu pa Boti la Thanga

Ophunzira athu ambiri amachokera m'mbali mwa nyanja ya Malawi, ndipo patchuthi ena amakwera maboti a thanga pamodzi ndi makolo awo. Usiku boti laling'ono silioneka, pomwe sitima ngati Ilala singathe kuima mwadzidzidzi. M'phunziro lino tiona kalumikizidwe ka tochi yamphamvu yogwira pamanja, komanso kagwiritsidwe ntchito kake.

Tiyambe ndi masamu. Tochi zoterezi kawirikawiri zimayendera batire ya mavoti 12. Kuti tidziwe magetsi amene tochi ikukoka, timagawa mawati ndi mavoti. Babu la mawati 55 limakoka maampu pafupifupi 4.6. Batire yonga ya galimoto imaonongeka msanga tikamaitsitsa kupitirira theka, choncho ya 50Ah tiiwerengere maola asanu okha. Tochi ya LED imadya magetsi ochepa kuposa apa.

Polumikiza, waya wofiira upite ku (+) ndipo wakuda upite ku (–). Pa waya wofiirawo timange fyuzi pafupi kwambiri ndi batire. Ntchito ya fyuzi ndi kuteteza waya: mawaya akakhudzana, fyuzi imaduka moto usanabuke. Pa tochi ya mawati 55, fyuzi ya maampu 10 ndi waya wosachepera 1.5 mm² n'zokwanira. Fyuzi ikapsa tisalowetsepo kachidutswa ka waya, chifukwa moto ukabuka pakati pa nyanja tilibe kothawira. Waya wowonda ndi wautali umachepetsanso kuwala. Molumikizira monse tikulunge bwino kuti madzi asalowe, batire tiimangirire pamalo ouma, ndipo soketi ikhale pafupi ndi wogwira chiwongolero.

Tsopano kagwiritsidwe ntchito. Maso amatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima, koma kuwala kwamphamvu kumafafaniza zonsezo nthawi yomweyo. N'chifukwa chake timawachenjeza anzathu tisanayatse, timagwirira tochi kunja kwa boti, ndipo timayatsa pang'ono n'kuzimitsa. Kukakhala nkhungu, kuwala kumabwerera m'maso mwathu momwe, ndiye tiloze pansi, pafupi ndi madzi.

Malamulo opewera ngozi panyanja zikuluzikulu, amene bungwe la IMO linakhazikitsa mu 1972, amalola boti la thanga losakwana mamita 7, ngati lilibe nyali zoyenera, kukhala ndi tochi yowala moyera, n'kuionetsa nthawi ikadalipo. Nzeru imeneyi ndi yothandizanso kuno. Sitima ikamayandikira, tiwalitse thanga lathu kuti lionekere patali. Tisaloze tochi pamene pali woyendetsa sitimayo, pakuti tikamuthobwa m'maso taika pachiswe miyoyo ya anthu onse amene wanyamula, ndi yathu yomwe. Chida chopulumutsira moyo chisasanduke chopwetekera mnzathu.

Munthu akagwera m'madzi, mmodzi agwire tochi ndipo asamuchotsepo kuwalako mpaka atavuulidwa. Popempha thandizo tigwiritse ntchito chizindikiro cha SOS: kuthwanimitsa katatu mwachidule, katatu motalikitsa, katatunso mwachidule. Tisanachoke padoko tiyese tochi, ndipo tinyamule ina yaing'ono ya mabatire akeake.

Ntchito yokachita kunyumba: kodi tochi ya mawati 100 ingakoke maampu angati pa batire ya mavoti 12? Nanga ingayake maola angati pa batire ya 50Ah? Mukapeza mayankho, mukawafotokozere makolo anu amene amayenda panyanja usiku.