Za Kulimbitsa Maondo

Malamulo a Misa aphunzitsa kuti Mkhristu akafika pamaso pa Sakramenti Loyera apinde bondo lamanja kufikira pansi. Koma ku Chintheche, monganso kwina konse, alipo akulu ambiri amene kugwadako kuwalaka: akatsika, sadzuka popanda kugwira benchi. Mpingo suwadzudzula ai, pakuti wofooka akangowerama kwakwanira. Komabe mwendo umene ukana kudzuka m'tchalitchi ndi womwewo udzakana kukoka khoka, kukankhira bwato m'madzi, ndi kukwera mtunda mwini wake atasenza dengu la chinangwa. Tsono mwendo ukagonja, banja ligona ndi njala.

Ilipo njira yolimbitsira miyendo yosalira ndalama kapena chida. Angerezi aitcha lunge, ndipo ifanana ndithu ndi kugwada kwa bondo limodzi. Kachitidwe kake nkotere.

Poyamba, munthu aimirire chilili pa malo osalala, monga pa mchenga wolimba wa m'mbali mwa nyanja, manja ali m'chiuno. Kachiwiri, aponye phazi limodzi patsogolo, kutalikirapo kuposa m'mene ayendera. Kachitatu, atsike pang'onopang'ono, msana uli woongoka, kufikira bondo lam'mbuyo litayandikira pansi osagunda. Phazi lakutsogolo liponde lonse, ndipo bondo lake liloze kumene kwaloza zala, lisagwere m'kati. Potsiriza, akankhe nthaka ndi chidendene chakutsogolo nabwerere pamene anaima.

Pakuchita izi ilimba minofu ya ntchafu ndi ya matako, chiuno chimasuka, ndipo thupi lizolowera kuima osadzandira. M'tchalitchi lipindidwa bondo lamanja lokha, nchifukwa chake pano miyendo isinthane: kasanu uwu, kasanu uwo, kenaka kuonjezera kufikira kakhumi.

M'chaka cha 2020 bungwe la World Health Organization lidalangiza kuti munthu wamkulu alimbitse minofu masiku osachepera 2 pa sabata, ndi kuti a zaka 65 kapena kupitirira achite zowathandiza kusagwa masiku osachepera 3. Nkhalamba igwire mtengo kapena khoma, itsike pang'ono pokha. Womva ululu wobaya m'bondo aleke, akaonane ndi a chipatala.

Lamulo lachisanu la Mulungu silingoletsa kupha, lilamulanso munthu kusamala moyo umene adaulandira. Anyamata ndi atsikana asadikire imvi, pakuti m'mera mpoyamba.