Dimba la M'thumba

Ku Kavalamanja madzi a Zambezi ali pafupi, koma dimba la kumtsinje lili ndi mavuto ake. Usiku mvuu zimatuluka kudzadya. Njovu zikadutsa, ntchito ya miyezi iwiri imatha kusanache. Padooko pamene timatunga madzi pamabisala ng'ona. Kumtunda nako mvula ndi yochepa, ndipo mu Okutobala dzuwa limawotcha mpaka kupitirira madigiri 40. Chaka cha 2024 chilala chinakula kwambiri, mpaka Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti dziko la Zambia lili pa ngozi. Nsomba nazo sitingazidalire chaka chonse, chifukwa kuyambira 1 Disembala mpaka kutha kwa Febuluwale boma limatseka usodzi m'mitsinje yambiri kuti nsomba ziswane.

Nanga ndiwo zichokere kuti? Anthu a m'matauni, amene alibe minda, ali ndi njira imene ife tingatengere. Ku Kibera, mumzinda wa Nairobi ku Kenya, mabanja ambiri anayamba kulima masamba m'matumba cha m'ma 2008. Thumba limaima chilili pakhomo, masamba akumera pamwamba ndi m'mbali momwe.

Pezani thumba lopanda kanthu la makilogalamu 50, monga la chimanga, ndipo mulichape. Sakanizani ndowa ziwiri za dothi lapamwamba ndi ndowa imodzi ya manyowa a mbuzi. Manyowawo akhale owolerana bwino, akuda, osanunkha. Aawisi amatentha mizu. Pezaninso timiyala tating'ono ndi chitini choboola mbali zonse ziwiri.

Thirani dothi pang'ono pansi pa thumba. Imikani chitini pakati, mudzaze timiyala m'kati mwake, ndipo kunja kwake muthire dothi mozungulira. Kenaka kokerani chitini m'mwamba pang'onopang'ono. Miyala idzatsala pakati, dothi litaizinga. Bwerezani chimodzimodzi mpaka thumba lidzale. Khomani zikhomo zitatu kapena zinayi m'mbali kuti lisagwe.

Apa ndiye pagona nzeru yonse. Mukathira madzi pa dothi lokhalokha, amanyowetsa pamwamba pokha, pansi n'kukhala pouma gwa. Mzere wa miyala uja ndiwo m'mero wa thumba. Madzi amatsika nawo mpaka pansi, akufalikira m'mbali pa msinkhu uliwonse, kotero mbande ya m'munsi imamwa mofanana ndi ya pamwamba. Mpweya nawo umalowera momwemo, ndipo mizu siwola. M'dimba lapansi madzi ambiri amalowa mumchenga kumene kulibe mizu, ena amauma ndi dzuwa. M'thumba malo oonekera kudzuwa ndi ochepa, ndipo mukaphimbira pamwamba ndi udzu wouma, chinyezi chimakhalitsa. Mayi amene amasenza chigubu cha malita 20 kuchokera kumjigo amadziwa yekha kulemera kwa madzi. Iyeyo asauzidwe kuti kusunga madzi n'chiyani.

Thirirani thumba masiku angapo kuti dothi likhazikike. Mukatero chekani timabowo m'mbali, kukula kwake kongolowa zala ziwiri, motalikirana ngati chikhatho chotambasula. Mabowo a mzere wachiwiri asakhale pansi penipeni pa a mzere woyamba, koma pakati pake, kuti masamba asaphimbane. Okerani mbande madzulo dzuwa litapepa. M'mbali mumayenera repu, chainizi ndi mpiru. Pamwamba ikani anyezi, kapena tomato mmodzi womuimikira kamtengo. Chimanga ndi maungu ayi, zimenezo zimafuna munda.

Kuno kwathu thumba liikeni pamene limalandira dzuwa lam'mawa koma masana lili pamthunzi. Thirirani m'mawa ndi madzulo, nthawi zonse pamiyala paja. Madzi otsukira mpunga kapena masamba musataye, ndi abwino. Okhala ndi sopo wambiri kapena mchere musathire. Pakapita milungu itatu kapena inayi mudzayamba kuthyola. Thyolani masamba a m'munsi, nsonga muisiye kuti ipitirize kuphuka.

Adani a dimba limeneli ndi apakhomo pomwe: mbuzi ndi nkhuku. Mangani mpanda wa bango kapena wa minga musanaoke n'komwe. Nsabwe zikagwira masamba, sinjani masamba a nimu, muwaviike m'madzi usiku wonse, musefe, ndipo muwaze kunsi kwa masamba kumene zimabisala.

Ndinene mosabisa kuti thumba limodzi silingadyetse banja lalikulu tsiku ndi tsiku, ndiponso dzuwa lakuno limafumbutsa thumba msanga. Likayamba kung'ambika, khuthulani dothi, muonjezere manyowa, muthire m'thumba lina. Yambani ndi matumba awiri, ndipo pakatha milungu iwiri muonjezere ena awiri, kuti asakhwimire pamodzi. Zotsala pa ndiwo zapakhomo mungamange timitolo, mugulitse kwa anansi kapena mutumize kumsika wa ku Luangwa Boma.

Tsopano tengani cholembera muwerengere. Ngati thumba limodzi lili ndi mabowo 20, mudzafuna mbande zingati kuti mudzaze matumba anayi? Lembaninso mayina a masamba atatu amene banja lanu limakonda, ndipo mukambirane ndi anzanu ngati angamere m'thumba.