Mpando wa Muofesi, Desiki Yoimirira ndi Matenda a Mtima

Kumudzi, munthu amene walembedwa ntchito ya muofesi amamuyesa wamwayi. Dzuwa silimuwotcha, khasu analisiya, ndipo pakutha pa mwezi amalandira malipiro, mvula igwe kapena isagwe. Makolo amene mwana wawo ali kalaliki ku boma kapena ku banki amanyadira, ndipo nkoyenera kutero. Komatu mpando umene mwanayo amakhalapo kuyambira m'mawa kufikira madzulo uli ndi ngongole yake, imene thupi limadzabweza patapita zaka.

Kalaliki wa m'tauni amakhala pansi m'minibasi popita ku ntchito, nakhala pa desiki maola asanu ndi atatu, nakhalanso m'minibasi pobwerera, ndipo akafika kunyumba amakhala pampando kumvera wailesi kufikira nthawi yogona. Powerengera bwino, maola okhala pansi amatha kukwana khumi kapena kuposerapo. Pofuna kuchepetsa maolawa, maofesi ena a ku Ulaya ndi ku America anayamba kugula madesiki amene amakwezedwa ndi kutsitsidwa, kuti munthu azitha kulemba ali chikhalire kapena ali chiimire. Madesikiwa tsopano akutchuka ndithu, ndipo nkofunika kudziwa chimene angathe kuchita ndi chimene sangathe.

Madalaivala ndi makondakitala a ku London

Nkhani ya kuipa kwa mpando inayamba kuoneka bwino mumzinda wa London. Kumeneko kuli mabasi osanja, okhala ndi mipando pansi ndi pamwamba. Dokotala wina, dzina lake Jeremy Morris, pamodzi ndi anzake anafufuza za umoyo wa amuna pafupifupi 31,000 ogwira ntchito m'mabasi ndi m'magalimoto ena onyamula anthu mumzindamo, ndipo anafalitsa zimene anapeza m'chaka cha 1953. Dalaivala ndi kondakitala ankayenda m'basi imodzi, kupuma mpweya umodzi ndi kuweruka nthawi imodzi. Kusiyana kwawo kunali kwakuti dalaivala ankakhala pampando pafupifupi tsiku lonse, pamene kondakitala ankakwera ndi kutsika masitepe mazanamazana podula matikiti. Pa chaka, mwa madalaivala 10,000 alionse, pafupifupi 27 ankayamba kudwala matenda a mitsempha ya mtima, pamene mwa makondakitala 10,000 odwala anali 19. Ndiponso dalaivala akadwala, kawirikawiri matendawo ankamupha msanga.

Morris anapeza zofanana ndi zimenezi ku positi: amtengamakalata oyenda pansi kapena panjinga ankadwala mtima mocheperapo kusiyana ndi makalaliki ndi olumikiza matelefoni. Ena anatsutsa, nati mwina madalaivala anali onenepa kale asanayambe ntchito. Iye anakayang'ana miyeso ya mathalauza a yunifomu, napeza kuti madalaivala analidi a m'chiuno mokulirapo. Komabe kondakitala, kaya wonenepa kaya woonda, anali wotetezeka koposa dalaivala wa thupi lofanana naye. Mwini wakeyo anazolowera kulimbitsa thupi, ndipo anamwalira m'chaka cha 2009 ali ndi zaka 99.

Pali chinthu chimodzi chimene sichiyenera kuiwalika pa nkhaniyi: kondakitala uja sankangoima. Ankayenda ndi kukwera.

Chimene chimachitika m'thupi

Minofu ikuluikulu ya thupi ili m'ntchafu, m'matako ndi m'akatumba a miyendo. Ikamagwira ntchito imakoka shuga ndi mafuta m'magazi kuti ipeze mphamvu. Munthu akakhala pansi nthawi yaitali minofuyi imagona, motero shuga wochokera mu nsima ya masana amachedwa kuchoka m'magazi. Zikamachitika tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri, njira imatseguka ya kunenepa kwa mimba, matenda a shuga ndi matenda a mtima.

Akatumba a miyendo ali ndi ntchito inanso. Magazi amene atsikira kumapazi ayenera kukwera chitunda kubwerera ku mtima, ndipo chimene chimawakankha ndi akatumbawa pamene akufinya mitsempha poyenda. Nchifukwa chake munthu woyenda ulendo wautali pabasi amatsika mapazi atatupa.

Matendawa si a ku Ulaya kokha. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo m'Malawi unachita mothandizana ndi bungwe la WHO m'chaka cha 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka a iwo sanali pa mankhwala alionse. Zoyambitsa nzambiri, monga mchere wochuluka, fodya, mowa ndi kunenepa, koma kusayenda kuli m'gulu lomwelo. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Vuto limeneli limakula mwakachetechete, munthu akudziona wamphamvu.

Kodi desiki yoimirira imathandiza?

Pa kuchepetsa maola okhala pansi, imathandizadi. Ku Leicester, m'dziko la England, anthu 146 ogwira ntchito za muofesi m'zipatala za boma anagawidwa m'magulu awiri. Gulu limodzi linapatsidwa madesiki okwezeka pamodzi ndi maphunziro ndi zowakumbutsa kuimirira. Gulu linalo linapitiriza monga mwa masiku onse. Zotsatira zake, zimene zinatuluka m'chaka cha 2018, zinaonetsa kuti patatha chaka gulu loyamba linkakhala pansi mphindi zoposa 80 zocheperapo pa tsiku la ntchito, ndipo ambiri anati kutopa kunachepa. Komatu anthuwa sanangopatsidwa desiki yokha. Desiki yopanda chiphunzitso ingathe kutsitsidwa pakapita nthawi, nkukhala tebulo wamba logulidwa pa mtengo wokwera.

Koma kuima si kuyenda. Mphamvu zimene thupi limagwiritsa ntchito poima chiimire zimangoposa pang'ono kwambiri zimene limagwiritsa ntchito pokhala, kotero kuti woyembekeza kuphwetsa mimba ndi desiki yokha adzagwiritsidwa mwala. M'chaka cha 2024 akatswiri a ku University of Sydney anaunika anthu oposa 83,000 a ku Britain amene anavala timakina toyeza kayendedwe ka thupi. Anapeza kuti kukhala pansi maola oposa khumi pa tsiku kunali koipa ndithu, koma kuima nthawi yaitali sikunachepetse matenda a mtima. M'malo mwake, amene ankaima kupitirira maola awiri pa tsiku anayamba kukumana kwambiri ndi mavuto a mitsempha ya m'miyendo, monga kutupa kwa mitsempha. Ogulitsa m'sitolo ndi aphunzitsi safuna kuuzidwa zimenezi, pakuti miyendo yawo imawauza madzulo alionse.

Tsono ubwino weniweni wa desiki yoimirira ngwakuti munthu amene waima kale savutika kuponya phazi. Amapita yekha kukatenga failo m'malo motuma mesenjala, amasuntha miyendo, amatembenuka. Ku Australia, m'chaka cha 2012, kunaoneka kuti anthu onenepa amene ankadzuka ndi kuyenda pang'onopang'ono mphindi ziwiri zokha pakatha mphindi 20 zilizonse anali ndi shuga wocheperapo m'magazi atatha kudya, poyerekeza ndi tsiku limene anangokhala osadzuka.

Kagwiritsidwe ntchito kake

Wofuna kuyamba ayambe pang'ono. Akatswiri amene anafunsidwa ndi a zaumoyo ku England analangiza m'chaka cha 2015 kuti wa muofesi ayambe ndi maola awiri pa tsiku a kuima ndi kuyendayenda, nkumaonjezera kufikira anayi. Maolawa sachitika nthawi imodzi. Amagawidwa tsiku lonse, munthu nkumasinthanitsa kukhala, kuima ndi kuyenda pafupifupi theka la ola lililonse.

Desiki ifike pa chigongono cha mwini wake ataima mowongoka, kuti asawerame kapena kukweza mapewa. Ngati pali kompyuta, m'mphepete mwa galasi lake mwa kumwamba mulingane ndi maso. Nsapato zikhale zafulati. Njerwa imodzi kapena kathabwa pansi pa desiki kamathandiza, pakuti munthu amapondapo phazi limodzi, kenaka linalo, ndipo msana umapuma. Mayi woyembekezera, munthu wa mitsempha yotupa m'miyendo ndi amene amachita chizungulire akaima asakakamire kuima nthawi yaitali, ndipo ayambe afunsa a chipatala.

Ofesi yopanda ndalama zogulira desiki yotere isadandaule. Kalipentala aliyense angathe kukhoma kabokosi kolimba koika pamwamba pa tebulo, ndipo kauntala kapena kabati yaitali bwino imagwira ntchito yomweyo. Telefoni iyankhidwe choimirira. Mtsuko wa madzi akumwa ndi dengu la zinyalala ziikidwe patali ndi mpando. Wokwera minibasi atsike siteji imodzi asanafike, atsirize ulendowo pansi. Bungwe la WHO, m'malangizo ake a chaka cha 2020, limati munthu wamkulu azichita ntchito yofulumizitsa mtima pang'ono, monga kuyenda mwandawala kapena kupalasa njinga, mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndipo desiki ya mtundu uliwonse siilowa m'malo mwa zimenezi.

Mlimi amene amalima, kutema nkhuni ndi kuyenda mitunda alibe chifukwa choopera mpando wake wandalema. Iye kupuma nkoyenera. Koma nako kumudzi alipo okhala pansi tsiku lonse: telala pa makina ake, mwini golosale, wosintha ndalama za pafoni m'kanyumba kake, woyendetsa njinga yamoto ndi mlembi wolemba mayina a odwala pa chipatala. Onsewa, pamodzi ndi achibale a m'tauni akabwera kudzacheza, ayenera kuyezetsa kuthamanga kwa magazi kamodzi pa chaka ngakhale asakumva kupweteka kulikonse. Ndipo ngati mwendo umodzi watupa, ukutentha ndi kupweteka munthu atakhala nthawi yaitali, asauthowe kapena kuusisita; apite ku chipatala tsiku lomwelo, pakuti mwina magazi aundana mumtsempha.