Anthu Wamba Akaitanidwa Kukaweruza Mlandu: Phunziro la Jury

Anzanga, mu Social Studies timaloweza kuti boma lili ndi nthambi zitatu, ndipo imodzi mwa izo ndi ya makhoti. Tikafika pamenepo timangotchula jaji, majisitireti ndi loya, basi tatseka kope. Koma m'makhoti a maiko ena mumakhalanso anthu ena ofunika kwambiri amene sanaphunzirepo zamalamulo ngakhale tsiku limodzi. Wina ndi dalaivala wa basi, wina namwino, wina wogulitsa mu shopu, wina agogo opuma pantchito. Gulu limeneli limatchedwa jury. Lero tione kuti ntchito yawo ndi yotani, chifukwa chake ambiri amaithawa, ndi zomwe ife tingatolepo.

Jury ndi chiyani?

Titenge chitsanzo cha ku England, komwe mchitidwewu ndi wakalekale. Kumeneko milandu ing'onoing'ono imathera kwa majisitireti. Koma mlandu ukakhala waukulu, monga wakupha kapena wogwiririra, umapita ku khoti lotchedwa Crown Court, ndipo kumakhala anthu wamba 12 omvetsera.

Ntchito imagawidwa pawiri. Jaji amayendetsa mlandu ndi kufotokoza zomwe lamulo likunena. A jury amamva umboni wa mbali zonse ziwiri n'kuyankha funso limodzi lokha: kodi munthuyu ndi wolakwa kapena ayi? Akati ndi wolakwa, chilango amapereka ndi jaji. Akati si wolakwa, munthuyo amapita kwawo, ngakhale jajiyo mumtima mwake atakhala kuti akuganiza zina.

Amasankhidwa bwanji?

Palibe amene amalemba kalata yofunsira ntchitoyi. Maina amatengedwa mwamaere m'kaundula wa anthu olembetsa kuvota. Munthu ayenera kukhala wa zaka zapakati pa 18 ndi 75, komanso akhale atakhala m'dzikomo zaka 5 chikwanitsireni zaka 13. Ndiye ngakhale Mmalawi wokhala ku Britain, ngati analembetsa kuvota ndipo wakwanitsa zakazo, tsiku lina atha kulandira kalata yomuitana. Amayi anayamba kulowa mu jury mu 1920. Kale konse munkakhala abambo okhaokha.

Kalata ikabwera si yoti uiike pansi pa mphasa. Ukakhala ndi chifukwa chomveka, monga matenda kapena mayeso, utha kupempha kuti akusunthire tsiku. Koma ukangojomba, chindapusa chake chimafika mapaundi 1,000. Nthawi zambiri munthu amatumikira masiku 10 a ntchito, kungoti milandu ina imatenga nthawi yaitali kuposa pamenepo.

N'chifukwa chiyani ambiri amadandaula?

Choyamba ndi ndalama. Ntchitoyi ilibe malipiro. Khoti limangobweza ya transipoti, ya chakudya ndi kangachepe pa ndalama zomwe munthu wataya posapita kuntchito. Kwa munthu wa bizinesi yake zimawawa. Tangoganizani bambo anu awaitana pa nthawi yokolola kuti akakhale kukhoti milungu iwiri, chimanga chili m'munda, mbuzi zikuzungulira. Angapite akumwetulira?

Chachiwiri ndi kudikira. Tsiku loyamba anthu ambiri amangokhala m'chipinda kudikira kuti dzina lituluke. Ena amatha masiku angapo osalowa n'komwe m'khoti. Ena zimawagwera zosiyana: ku London kunali mlandu wina wakatangale wokhudza ntchito yomanga njanji ya Jubilee line, umene unayenda miyezi 21 kenako n'kutha mu 2005 popanda chigamulo. Anthu a jury anasiya ntchito zawo pafupifupi zaka ziwiri, mapeto ake palibe chomwe anagamula.

Chachitatu ndi zomwe maso amaona ndi zomwe makutu amamva. Pa mlandu wakupha amakuonetsa zithunzi za mtembo. Pa mlandu wogwiririra mwana umamva zonse mwatsatanetsatane. Ukafika kunyumba suloledwa kukambirana za mlanduwo ndi aliyense, kaya amayi ako kaya mkazi wako. Katunduyo umasenza wekha.

Chachinayi, chomwe ine ndikuona kuti n'chachikulu, ndi mantha olakwitsa. Ukati "wolakwa" pamene munthuyo sanalakwe, wamutsekera m'ndende zaka zambiri ndipo ana ake avutika. Ukati "si wolakwa" pamene analakwadi, wabweza chigawenga m'mudzi ndipo banja la wophedwayo lilira kawiri. Ndani angagone tulo tabwino?

Zimayenda bwanji m'kati?

Aliyense wa anthu 12 aja amalumbira kuti aweruza mokhulupirika motsatira umboni. Ngati akumudziwa wozengedwa mlanduyo kapena mboni ina, ayenera kunena msanga kuti achotsedwe. Apa pali kusiyana ndi bwalo la kumudzi kwathu. Kwa amfumu, nduna ndi akuluakulu amene amathandiza kuweruza amadziwa aliyense, makolo ake ndi mbiri yake yomwe, ndipo cholinga nthawi zambiri chimakhala kuyanjanitsa anthu kuti apitirize kukhalira limodzi. Mu jury amafuna anthu achilendo, kuti chibale kapena chidani chakale chisalowerere.

Lamulo lina lolimba ndi lakuti usakafufuze wekha. Osatsegula intaneti kuti uone zomwe anthu akunena za mlanduwo, osalankhula ndi wozengedwayo. Mu 2011 mayi wina wa jury ku England analemberana mauthenga pa Facebook ndi munthu wina amene ankazengedwa pa mlandu womwe iye ankamvetsera. Mayiyo analamulidwa kukhala m'ndende miyezi 8. Mwina muti nkhanza, eti? Koma chifukwa chake chilipo. Umboni woperekedwa m'khoti umayesedwa: loya wa mbali ina amaipanikiza mboniyo ndi mafunso, aliyense akumva. Nkhani ya pa foni palibe amene waiyesa.

Umboni ukatha, anthu 12 aja amatsekeredwa m'chipinda chaokha. Amasankha mmodzi wotsogolera zokambirana, amenenso amadzanena chigamulo m'khoti. Poyamba amayenera kugwirizana onse. Zikakanika atakambirana kwa maola osachepera awiri, jaji atha kulola chigamulo cha anthu 10 mwa 12, ndipo zimenezi zinayamba mu 1967. Zomwe anakambirana m'chipindamo ndi chinsinsi mpaka kalekale.

Mfundo yomwe amaigwiritsa ndi iyi: munthu ndi wosalakwa mpaka boma litabweretsa umboni wokwanira. Si udindo wa wozengedwayo kutsimikiza kuti ndi woyera. Ngati wa jury sakutsimikiza ndi mtima wonse, ayenera kunena kuti si wolakwa. Kukayikira munthu ndi kwina, kutsimikiza ndi kwinanso.

Anthu 12 amene anakana kuopsezedwa

Mu 1670 ku London, William Penn ndi William Mead, a mpingo wa Quaker, anamangidwa chifukwa cholalikira pamsewu wa Gracechurch Street akuluakulu a boma atatseka nyumba yawo yopemphereramo. Mlandu unazengedwa ku khoti la Old Bailey. Oweruza ankafuna kuti awiriwo apezeke olakwa pa mlandu wochititsa msonkhano wosaloledwa, koma a jury anakana. Oweruzawo anapsa mtima n'kuwatsekera usiku uwiri opanda chakudya, madzi kapena moto wowotha. Atatuluka ananenabe kuti anthuwo si olakwa.

Basi onse anawalipitsa chindapusa. Mmodzi wa iwo, Edward Bushel, anakana kulipira ndipo anakhala m'ndende milungu ingapo. Nkhani itafika kwa jaji wamkulu, John Vaughan, iye anagamula kuti munthu wa jury sangalangidwe chifukwa cha chigamulo chomwe wapereka. Mpaka lero pakhoma la Old Bailey pali chikwangwani chokumbukira anthu amenewa. Penn uja ndi amene pambuyo pake anayambitsa dera la Pennsylvania ku America.

Taonani, Bushel sanali loya kapena nduna ya boma. Anali munthu wamba amene anamva umboni n'kuima pa zomwe anamvazo, njala ili m'mimba. Phindu la jury lagona pamenepa: wolamula akafuna kutsekera munthu chifukwa chomuda, ayenera kaye kukhutiritsa anthu wamba amene sawalipira ndiponso sangawachotse ntchito.

Nanga kuno kwathu?

Musaganize kuti izi ndi za azungu okha. Mu 1995 bwalo lalikulu la milandu ku Blantyre linazenga mlandu wa imfa ya nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, ndi phungu David Chiwanga. Anthu anayiwa anafa ku Mwanza mu May 1983, ndipo pa nthawiyo kunalengezedwa kuti inali ngozi ya galimoto. Pakati pa ozengedwa panali mtsogoleri wakale wa dziko lino, Dr Hastings Kamuzu Banda, ndi a John Tembo. Mlanduwu unali ndi jury ya Amalawi wamba, ndipo mu December 1995 inagamula kuti ozengedwawo si olakwa. Boma linachita apilo koma silinapambane.

Anthu ena anakondwera ndi chigamulocho, ena chinawapweteka kwambiri. Ine sindikufuna tiweruzenso mlanduwo pano. Ndikungofuna muganize za anthu amene anakhala pa mipando ija miyezi yambiri. Dziko lonse likumvetsera, mabanja a omwalira akuyembekeza, otsatira a ozengedwa nawonso akuyembekeza, ndipo iwe ukudziwa kuti mlandu ukatha ubwerera kukakhala pakati pa anthu omwewo. Imeneyo si ntchito yamasewera ayi.

Patapita zaka, boma linalola kuti milandu yakupha izizengedwa ndi jaji yekha popanda jury. Maiko enanso anaisiya: South Africa inathetsa jury mu 1969. Otsutsa jury amati imadya ndalama ndi nthawi, anthu wamba atha kusokonezeka ndi umboni wovuta, komanso atha kutengeka ndi tsankho la mtundu kapena chipembedzo. Mfundo zimenezi n'zomveka ndithu. Oikonda amayankha kuti jaji nayenso ndi munthu, ndipo mutu umodzi susenza denga. Kunyengerera kapena kuopseza munthu mmodzi n'kosavuta kusiyana ndi anthu 12.

Jury ndi chigulu cha pamsika

Tsopano nali funso lomwe landichititsa kulemba zonsezi. Timamva pa wailesi, ndipo ena taonapo ndi maso, munthu akukuwiridwa kuti "wakuba!" pamsika, anthu n'kumuunjikira ndi miyala ndi zibonga. Timamvanso za agogo omenyedwa kapena kuwotcheredwa nyumba chifukwa wina wanena kuti ndi mfiti. Wina atha kunena kuti kumenekonso ndi kuweruza kwa anthu wamba, nanga kukusiyana pati ndi jury?

Kusiyana kwake n'kwakukulu. A jury amakhala pansi n'kumva mbali zonse ziwiri, pomwe chigulu chimamva mfuu imodzi basi. A jury amalumbira ndipo aliyense amadziwika dzina, pomwe m'chigulu aliyense amabisala kumbuyo kwa mnzake, mawa lake n'kumati "ine ndinangoponya kamwala kamodzi". A jury amatenga masiku, chigulu chimatha zonse m'mphindi zochepa. M'chipinda cha jury munthu mmodzi atha kunena kuti "ine sindinakhutire", enawo n'kumumvera. Pachigulu wonena zimenezo amamenyedwa naye limodzi. Ndiponso khoti likalakwitsa pali apilo, koma munthu wophedwa pamsika sangachite apilo.

Ndiye ine ndikuona kuti munthu amene akuopa kulakwitsa poweruza ndi amene akuyenera ntchitoyi. Woopsa ndi uja amene sakayika konse, amene wamva mphekesera m'mawa, pofika masana wagamula kale. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ambiri a ife mwina sitidzalandira kalata yotiitanira ku jury. Koma kuweruza timaweruza tsiku lililonse. Cholembera kapena ndalama ikasowa m'kalasi, maso onse amathamangira kwa uja wovala yunifolomu yong'ambika. Mtsikana akajomba milungu iwiri, nkhani imakhala itamveka kale panjira yonse yopita kunyumba, iye asanafunsidwe n'komwe. Mapulifekiti ndi mamonita amalemba maina a olongolola, nthawi zina dzina la mnzawo n'kulidumpha. Pa zinthu ngati zimenezi tiyeni tizichita ngati wa jury wabwino. Tifunse kuti waona ndi maso ndani. Timve mbali ya wonenedwayo. Tichotse chibale ndi chidani. Ngati umboni palibe, tinene poyera kuti palibe, ngakhale kalasi yonse itiyang'ane ndi diso loipa. Paja chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Mafunso oti tikambirane pa buleki

1. Tchulani ntchito ya jaji ndi ntchito ya jury pa mlandu wa ku Crown Court.
2. N'chifukwa chiyani wa jury saloledwa kufufuza za mlandu pa intaneti?
3. Kodi chigamulo cha John Vaughan mu 1670 chinateteza ndani, ndipo chinawateteza kwa ndani?
4. Mutakhala kuti mukuzengedwa mlandu womwe simunapalamule, mungasankhe jaji mmodzi wodziwa malamulo kapena anthu wamba 12? Perekani zifukwa ziwiri.
5. Anzanu 11 akuti munthu ndi wolakwa, inu nokha simunakhutire, ndipo kunja kukuda. Mungatani?

Mayankho a funso 4 ndi 5 lembani pa kapepala n'kupereka kwa a komiti ya bolodi lino, kuti omveka bwino adzamatidwe pompano sabata yamawa.