Sitampa Yopanda Mtengo Wolembedwa

Ine ndimakonda kusonkhanitsa masitampa. Mwezi watha amalume anga a ku Leeds ananditumizira masitampa khumi, ndipo pa imodzi panalibe mtengo, koma "1st" basi. Anzanga ogona nao nyumba imodzi anandiseka, nati ndi yacabe. Ine ndinakana, ndipo ndinayamba kufufuza. Nazi zimene ndapeza.

Ku Britain masitampa otere anayamba m'caka ca 1989. Mtengo wace ndiwo ndalama zimene a positi akulipiritsa kalata yofulumira pa tsiku lotumiza, osati pa tsiku logula. Ku America anaturutsa ao mu 2007, ochedwa "Forever", pa mtengo wa masenti 41. Pofika July 2024 kalata inali masenti 73, koma munthu amene anagula kale sanaonjeze kanthu. A positi naonso amapindula, popeza sasindikiza ena atsopano mtengo ukakwera.

Komatu cenjerani, anzanga. Si onse opanda nambala amene amakwera mtengo. Mu 1978 ku America kunaturuka sitampa ya cilembo "A", ya masenti 15, ndipo iri pomwepo mpaka lero. Ku Britain nako, masitampa wamba a nkhope ya Mfumukazi opanda barcode analeka kugwira nchito itatha July 2023.

Yangayo ndi imodzi mwa amenewa, tsono siingatumize kalata. Anzanga aja anakhoza pang'ono, koma cifukwa cace sanacidziwe. Ndaimata m'buku langa ndithu.