PHUNZIRO LA ALIMI: BOKOSIBODE YODZANDIRA PA MSEWU

Mpunga ukacha ku Kaporo, ku Lufilya, ku Wovwe ndi ku Hara, ntchito yaikulu imagwera galimoto za bokosibode zimene zimatuta matumba kupita nawo ku zigayo ndi ku msika wa pa Karonga. Zambiri mwa galimoto zimenezi nzakale ndithu. Land Rover inayamba kupangidwa m'chaka cha 1948, Toyota Hilux m'chaka cha 1968, ndipo zina zimene alimi ali nazo zapita m'manja mwa eni ake ambiri. Ukalamba si mlandu ayi. Koma ilipo nthenda imodzi imene sitiyenera kuilekerera, ndiyo kudzandira.

Galimoto yodzandira imapita uku ndi uku yokha, kotero kuti woyendetsa sapuma kubweza chiwongolero. Kawirikawiri chiwongolerocho chimakhala chopendekeka ngakhale galimoto ikupita molunjika. Taganizani, alimi anzanga: galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Pa msewu wa M1, kuchokera ku Chilumba kufikira ku Songwe, m'mphepete mumayenda anthu apanjinga, ana a sukulu ndi ng'ombe. Sekondi imodziyo ikwanira kudzetsa maliro m'mudzi.

CHOLAKWA CHA AMBIRI

Ambiri akaona chiwongolero chopendekeka amachizula nachibwezera chowongoka, nati ntchito yatha. Kutero nkubisa chilonda ndi nsalu. Pansi pa chiwongolero pali bokosi la mano achitsulo. Mano amenewa anawasula kuti agwirane kolimba pakati penipeni, ndi kukhwepa pang'ono cha kumbali. Tsono bokosi likakhala kuti silili pakati pamene galimoto ikupita molunjika, ndiye kuti mukuyendera pa mano okhwepa, ndipo kudzandira sikungathe. Chifukwa chake lamulo la phunziro lino ndi ili: yambani pansi, kwerani pang'onopang'ono, chiwongolero chikhale chotsiriza.

Mufunika jeki, zipika zolimba, masipanala, choko, tepi yoyezera, geji ya mpweya ndi mnzanu mmodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga.

1. MATAYALA NDI KATUNDU

Yezani mpweya m'mawa matayala asanatenthe, ndipo tsatani muyeso wolembedwa m'buku la galimoto yanu. Tayala lakutsogolo lochepa mpweya limakokera galimoto ku mbali yake, monga ichitira ng'ombe yofooka pa goli. Matayala awiri akutsogolo akhale a msinkhu umodzi ndi a mtundu umodzi. Ngati galimoto ikokerabe kumodzi, sinthanitsani awiriwo. Kukoka kukasamukira ku mbali ina, vuto lili m'tayala.

Katundu nayenso ali ndi mlandu. Bokosibode ya tani imodzi siyenera kupitirira matumba 20 a makilogalamu 50, ndipo anthu okwera amachepetsa chiwerengero chimenechi. Sanjani matumba kuyambira kufupi ndi kumutu. Mukawaunjika kumbuyo kwenikweni, mutu wa galimoto umapepuka, matayala akutsogolo sagwira nthaka bwino, ndipo galimoto imasambira.

2. MASIPULING'I NDI MABERING'I

Yang'anani masipuling'i onse. Funani tsamba lothyoka, mphira zakutha m'mapeto mwake, ndi mabawuti omasuka amene amamanga ekiselo ku sipuling'i. Bawuti ya pakati pa sipuling'i ikaduka, ekiselo imasuntha, galimoto niyenda chammbali ngati nkhanu. Yezani mtunda wochokera pakati pa gudumu lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo, mbali zonse ziwiri. Miyeso ikhale yofanana.

Kenaka kwezani mutu wa galimoto ndi jeki, muikire zipika. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi, muligwedeze. Mukamva kugogoda, mnzanu aponde buleki, inu mugwedezenso. Kugogoda kukatha, mabering'i a gudumu ndiwo akhwepa. Kukapitirira, vuto lili pa mfundo zimene gudumu limatembenukirapo.

3. MFUNDO ZA ZITSULO

Tsitsani galimoto pansi. Mnzanu akhale pa mpando, azigwedeza chiwongolero uku ndi uku mwachangu, inu mukuyang'ana pansi. Pa galimoto zambiri zakale mudzaona zitsulo ziwiri zazitali. Chimodzi chimachokera ku bokosi kupita ku gudumu, amakaniko amachitcha drag link. China chimalumikiza magudumu awiri, ndicho tie rod. Kumapeto kwa chilichonse kuli mfundo yozungulira ngati ya m'chiuno mwa nyama, yovekedwa mphira.

Ikani dzanja pa mfundo iliyonse. Mbali imodzi ikayenda inzake isanayambe, mfundoyo yatha, ndipo mankhwala ake nkugula ina. Fumbi la m'chilimwe ndi matope a m'dzinja a m'chigwa cha Karonga amalowa msanga pamene mphira yang'ambika, nadya chitsulo ngati msasa. Onaninso mabawuti omanga bokosi ku chasisi. Pa Land Rover yakale yang'anani ndi kabokosi kachiwiri kamene kali kutsogolo kwa chasisi, pakuti mikono yake imamasukanso.

4. BOKOSI LA CHIWONGOLERO

Magudumu ali olunjika, yendetsani chiwongolero ndi chala kufikira tayala liyambe kusuntha. Kuyenda kwachabe kumeneku kusapitirire mamilimita 30 m'mphepete mwa chiwongolero, ndiko kunena inchi imodzi ndi pang'ono. Ngati mfundo zonse zili bwino koma kukhwepa kulipobe, tsopano mungathe kukhudza bokosi.

Yambani mwaona mafuta ake. Ndipo pezani pakati pake motere: mutakweza galimoto, potozani chiwongolero mpaka kumapeto kumanzere, muwerenge maulendo ozungulira kufikira kumapeto kumanja, mubwerere theka lake. Akakhala maulendo 4, bwererani 2. Pamenepo masulani nati ya pa bokosi, mumange sikuluwu yake pang'ono pokha, ndi kumanganso nati. Yesani kupotoza mbali zonse. Kuona maso a nkhono nkudekha: mukamanga mopitirira, chiwongolero chidzauma, sichidzabwerera chokha potuluka pa ngodya, ndipo mano adzatha msanga. Galimoto za mtundu wa Peugeot 404 zilibe bokosi lotere. Eni ake adumphe zomanga sikuluwu.

5. KUYEZA MAPAZI A GALIMOTO

Magudumu akutsogolo sayang'ana kutsogolo ndendende. Pa galimoto zambiri zakale amayang'anana pang'ono, monga zala za mapazi a nkhunda. Akatayana, galimoto imatsata mzere uliwonse wa mu msewu, ndipo matayala amadyeka m'kati. Akayang'anana kopambana amadyeka kunja.

Imikani galimoto pa malo osalala, mutaikankhira kutsogolo. Lembani chizindikiro ndi choko pakati pa tayala lililonse, mbali yakutsogolo, pa msinkhu wa pakati pa gudumu. Yezani mtunda wa pakati pa zizindikirozo. Kankhirani galimoto kutsogolo kufikira zizindikiro zifike kumbuyo pa msinkhu womwewo, muyezenso. Muyeso wakutsogolo uchepe pang'ono. Pa Land Rover zakale za Series kusiyana kwake ndi mamilimita 1.2 kufikira 2.4, pa galimoto zina funsani buku lake. Pokonza, masulani zomangira za tie rod ndi kuipotoza, pakuti mazinga ake mbali ina ngakumanja, mbali ina ngakumanzere. Mangani zolimba, muyezenso.

6. KUIKA CHIWONGOLERO PAKATI

Tsopano tafika pa chimene ambiri amayambira. Bwezerani bokosi pakati monga taphunzira m'ndime 4. Ngati pamenepo chiwongolero chili chopendekeka, apa pokha ndi pamene muloledwa kuchizula ndi kuchiika chowongoka. Mnzanu achigwire chisasunthe, inu muyang'ane magudumu. Akakhala kuti aloza kumbali, talikitsani kapena fupikitsani drag link kufikira alunjike; kutero sikusintha muyeso wa mapazi. Pa galimoto ya ma tie rod awiri, fupikitsani imodzi ndi kutalikitsa inzake ndi maulendo ofanana ndendende.

7. KUYESA PA MSEWU

Sankhani malo owongoka ndi opanda anthu, muyende pang'onopang'ono. Kumbukirani kuti m'dziko muno timayenda kumanzere, ndipo msewu anaupendeka kuti madzi atsikire m'mphepete. Motero kutsetserekera kumanzere pang'onopang'ono si nthenda. Koma galimoto iyenera kumvera dzanja msanga, ndi chiwongolero kubwerera chokha mukatha kukhota. Musapite nayo ku zitunda za msewu wa ku Chitipa musanakhutire pa chigwa. Mukabwerako onaninso manati onse amene munakhudza.

MACHENJEZO

Musalowe pansi pa galimoto imene yakhala pa jeki yokha. Musawotche kapena kuwotcherera chitsulo cha chiwongolero chopindika, pakuti moto umachifooketsa ndipo chidzaduka tsiku la katundu wolemera. Pa nati ya mfundo ikani pini yake yeniyeni yatsopano, osati msomali kapena waya. Chasisi ikakhala yosweka pafupi ndi bokosi, kapena chiwongolero chikamagwira penapake pozungulira, imikani galimoto muitane makaniko wodziwa.

Chitani ntchito imeneyi mpunga usanache, pamene galimoto ili ndi mpata. Tsiku limodzi lokwanira pansi pa mtengo wa mango lipulumutsa matayala awiri, ndipo koposa zonse libweza woyendetsa ndi okwera kwawo ali amoyo.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA KALABU

1. Nchifukwa ninji kuzula chiwongolero poyamba sikuthetsa kudzandira?
2. Mungasiyanitse bwanji kukhwepa kwa mabering'i ndi kwa mfundo za gudumu?
3. Kodi matumba a mpunga tiwasanje kuyambira mbali iti, ndipo chifukwa chake nchiyani?